Pakhonde pa Azakhali: Mkamwini wa Manja Okhakhala

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 24, ndimagulitsa kaunjika pamsika wina ku Dedza. Ndili ndi chibwenzi ndipo tikufuna kuchita chinkhoswe mvula isanagwe. Mnyamatayo ndi waulemu, samwa mowa, amakonza mafoni. Vuto ndi manja ndi mapazi ake. Khungu la m'zikhatho ndi la kunsi kwa mapazi ndi lokhuthala, lolimba, lachikasu, ndipo nyengo yozizira limang'ambika mpaka kutuluka magazi. Akuti zinayamba ali wakhanda. Bambo ake ndi otero, agogo ake obereka bambowo nawonso ndi otero, ngakhale mpaka lero amalima okha dimba lawo. Tsiku lomwe anabwera kudzaonekera kwathu anapereka moni wa m'manja, ndiye atangochoka mayi anga aang'ono anathamangira kukasamba ndi sopo. Akuti ndi khate. Amalume akuti banja limenelo linaponda mankhwala. Mnzanga wina akuti ndi uve chabe. Ine ndakhala ndikumugulira sopo wochapira, mwala wokwechera ndi malezala kuti azipala, koma zikungoipiraipira. Kodi ndidzatengera? Nanga ana athu? Ndimamukonda, koma mawu a anthu andifooketsa.

Wothedwa Nzeru, Dedza

Mwana wanga,

Malezalawo ukabweze kugolosale lero lomwe, akakupatse machesi. Mwana wa eni wabwera ndi ulemu wake kudzafunsira mbeta, iwe wayamba kale kumusenda ankhoswe asanakumane n'komwe? Nanga ukadzalowa m'nyumba udzamutani?

Tiyambe ndi amayi ako aang'ono, poti ndiwo athamanga kwambiri. Khate limabwera ndi bakiteriya, ndipo chizindikiro chake chachikulu ndi dzanzi. Pakhungu pamatuluka zigamba zoyererako zomwe ukazikhudza mwini wake samva, mitsempha imafa, munthu amatha kupsa ndi mphika osazindikira. Bwenzi lakoli khungu likang'ambika limamva ululu, eti? Ndiye kuti mitsempha yake ili moyo. Khate siliyamba mwana ali kumsana n'kusankha zikhatho ziwiri ndi mapazi awiri mofanana, kwa agogo, kwa bambo, kwa mdzukulu. Ndipo likanakhala khate lenileni sindikanalolabe kuti munthu athawidwe, chifukwa limachizika ndi mankhwala a miyezi 6 kapena 12, aulere. Koma amayi aang'onowo usawaseke kwambiri, si oyamba. Ku Croatia kuli chilumba cha Mljet, chomwe kale chinkatchedwa Meleda. Mabanja ena kumeneko anali ndi manja ndi mapazi otere, ndipo dokotala wa ku Dubrovnik, Luca Stulli, analemba za iwo mu 1826. Anthu anakhala akuwayesa akhate mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo cholakwika chenicheni mu DNA yawo chinadzapezeka mu 2001. Azungu ndi masukulu awo onse zinawatengera zaka zonsezo. Amayi ako uwapatseko mwezi umodzi.

Amalume nawonso ukawafunse mwaulemu, utagwada bwinobwino, kuti mankhwala amenewo anatcheredwa panjira iti. Kumpoto kwa Sweden kuli mabanja a zikhatho zokhuthala. Ku Japan ndi ku China aliko ambiri a mtundu womwe dokotala wina, Nagashima, anaufotokoza mu 1977. Cha ku Oudtshoorn ku South Africa kuli mabanja omwe zikhatho zawo zimafiira n'kusupuka nyengo yozizira iliyonse. Ngati onsewa anaponda pamodzi, sing'anga wake anali ndi pasipoti yabwino.

Madokotala amati palmoplantar keratoderma, mwachidule PPK. Si nthenda imodzi, mitundu yake ndi yambirimbiri, ndipo ine sindingamuyeze munthu pakalata. Koma zomwe wafotokozazi, zoyamba ukhanda, zachikasu, zoyenda kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana osadumpha m'badwo, zikufanana ndi mtundu wofala womwe dokotala wina, Vörner, anaulemba mu 1901. Umenewu nthawi zambiri umachokera ku puloteni yotchedwa keratin 9, yomwe kwawo kwenikweni ndi m'zikhatho ndi kunsi kwa mapazi. Sizipatsirana. Mugwirane manja, mudyere mbale imodzi, mufunde bulangete limodzi (mukadalitsa ukwati, ndikukuonatu), sudzatengera kanthu.

Tsopano khala pansi ndikuuze zomwe sopo wako wakhala akuchita.

Khungu lapamwamba penipeni, lomwe timaligwirali, lili ngati chipupa cha njerwa. Njerwazo ndi maselo akufa, aphwatalala, odzaza ndi keratin. Matope omangira ndi mafuta. Osati mafuta a pamimba pa abambo a m'tauni, kapena onyezimira pamphuno masana aja, koma mafuta apadera a mitundu itatu: ceramide, amene ndi pafupifupi theka la kulemera kwa onse, kolesterolo pafupifupi kota, ndipo otsalawo ndi ma fatty acid. Maselo amoyo a m'munsi ndiwo amawapanga n'kuwalongedza m'timatumba ting'onoting'ono, ndipo selo likatsala pang'ono kufa limakhuthulira timatumbato kunja. Kumeneko mafutawo amayalana mosanjikizana, mpata uliwonse n'kutsekeka. Ntchito yawo yaikulu ndi kuletsa madzi a m'thupi kuthawa. Pali ceramide wina wamtali kuposa anzake amene amamatirira pa selo penipenipo kuti mafuta enawo apeze pogwira. Iyeyu akasowa, enawo ngakhale atachuluka bwanji amangokhala balala.

Zikhatho ndi mapazi zinayamba kale ndi umphawi pankhaniyi. Mulibe ubweya, mulibe tizigawo totulutsa mafuta tomwe tili kumaso ndi kumutu, ndipo mafuta a pakati pa maselo ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi a pamimba kapena pankhope. Chochuluka m'menemo ndi thukuta basi. N'chifukwa chake ngakhale ife opanda vuto lililonse la kumtundu timachita zikang'a mu Julayi, kuli bwanji kwanu ku Dedzako.

Kwa anthu a PPK chipupachi chimalakwika m'njira ziwiri. Kwa ena vuto lili pa matope penipeni. Mu 2017 ofufuza anafotokoza za ana omwe enzyme yawo yotchedwa KDSR, imodzi mwa zoyambirira popanga ceramide, sigwira bwino ntchito. Khungu lawo la m'manja, m'mapazi ndi kumaso limakhuthala n'kufiira, ndipo ena magazi awo amachedwa kuundana chifukwa ma platelet amachepa. Palinso ma enzyme ena a mafuta omwewa, monga CERS3 ndi PNPLA1, amene akalakwika thupi lonse limachita mamba, zikhatho n'kukhuthala limodzi. Kwa ena mafuta amapangidwa ndithu, koma njerwa ndizo zopindika. Keratin ikakhala yolakwika imaunjikana m'kati mwa selo, selo limafooka, timatumba tija sitikhuthulidwa bwino, kapena chikuto cha selo chimakhala chosalimba moti mafuta sayalana mwadongosolo. Kulikonseko, madzi amathawa. Thupi likazindikira kuti madzi akutayika limachita chinthu chimodzi chomwe limadziwa: kupanga maselo ena, ndi ena, ndi enanso. Pomwe ma enzyme omasula maselo akale kuti agwe amafuna chinyezi, pouma sagwira ntchito, akalewo amangokakamira pomwepo. Ndiye munthu amakhala ndi khungu lokhuthala kuposa la aliyense m'mudzi, koma losasunga madzi. Louma silipindika, limathyoka, makamaka m'mizere ya chikhatho ndi kuchidendene.

Wamva tsopano? Mnzako wa uve uja ukamuuze kuti mnyamatayu wasamba mopitirira. Sopo wochapira ntchito yake n'kuchotsa mafuta, sasiyanitsa a m'poto ndi a pakhungu. Komanso khungu labwino limakhala la asidi pang'ono, pH yake cha m'ma 5, pomwe sopo ali cha m'ma 9 kapena 10. Ma enzyme omwe amamalizitsa kukonza ceramide kunja kwa selo amagwira bwino ntchito pa asidi pomwepo, ndiye ukawathira sopo amayamba aima kaye. Lezala ndiye limaposa. Khungu la kuphazi likakwechedwa mwankhanza kapena kuvulazidwa limayankha pokhuthala, ndipo bala la lezala pa phazi loyenda m'fumbi ndi khomo la mafinya ndi kafumbata. Kuchipatala amapala, inde, koma atafewetsa kaye, ndi mpeni woyera, ndipo amadziwa polekera. Iwe ndi chikondi chakocho polekera sudziwa.

Usathamangirenso kumuphikira nyama yonona ndi chipisi tsiku ndi tsiku poti Azakhali anena za mafuta. Khungu limadzipangira lokha mafuta ake ambiri, ndipo kolesterolo wa m'magazi amene amayeza kuchipatala sanena kanthu za wa m'zikhatho. Amene amachokeradi m'chakudya ndi linoleic acid, yemwe amalowa mu ceramide wamtali uja. Izi anazitulukira George Burr ndi mkazi wake Mildred ku Minnesota mu 1929 ndi 1930, ataona makoswe omwe ankawamana mafuta akuchita mamba kumichira ndi kumapazi. Mwaona banja logwirizana? Ena akukangana za ndalama ya ndiwo, anzawo akuweta makoswe limodzi. Koma munthu wodya ndiwo zotendera, soya ndi mafuta a mpendadzuwa ali naye wokwanira, ndipo kumuwonjezera sikusintha zomwe zinalembedwa mu DNA.

Zoti achite n'zotopetsa koma si zodula kwenikweni. Madzulo aviike manja ndi mapazi m'madzi ofunda kwa mphindi 10 kapena 15. Mwala uja usautaye, azikwecha pang'onopang'ono pomwe pafewa, osafika pofiira. Apukute, ndipo khungu lisanaumiretu apake mafuta okhala ndi urea. Ku famase ukafunse a 20 mpaka 40 peresenti, a malo okhuthala kwambiri. Urea amakoka madzi n'kumasula maselo okakamira aja, ndipo mafuta a salicylic acid nawonso amathandiza. Pamwamba pake Vaseline wambiri, kenako sokosi za thonje, agone. Vaseline sakonza chibadwa, amangotseka pomwe madzi amathawira, koma zokhazo zimapatsa khungu mpata wofewa. Glycerine yemwe atsikana mumasakaniza m'mafuta odzola uja nayenso ndi wabwino. Mafuta okhala ndi ceramide alipo m'masitolo akuluakulu, mtengo wake woboola m'thumba. Ukakhala nazo gula, ukapanda usadandaule. Pa mng'alu wotseguka asapakepo urea kapena salicylic, amawawa koopsa, apo ndi Vaseline yekha mpaka patseke. Pochapa ndi potsuka mbale azivala magolovesi, ndipo ndanena dala kuti pochapa ndi potsuka mbale, asadzakuuze kuti Azakhali anamuletsa ntchito. Akasiya, zimabwerera. Izi n'zosamalira moyo wonse.

Mafuta oyeretsa khungu omwe mumagulitsana pansi pa benchi pamsika paja asayandikire. Ambiri ali ndi steroid, amene amachepetsa kupangidwa kwa mafuta a khungu n'kunenepetsa mafangasi. Khungu lokhuthala la thukuta mafangasi amalikonda kale, ndiye mapazi akayamba kununkha, kuyabwa kapena kuyera pakati pa zala, akaonedwe. Mwina amupatsa mafuta a Whitfield, mwina mapiritsi.

Apite ndithu kukaonana ndi a zakhungu, ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queens ku Blantyre, ndipo iwe upite naye ukadzimvere wekha. Zikavuta kwambiri, pomwe akupezeka, madokotala amatha kupereka mapiritsi a acitretin. Awa ndi amphamvu, amafuna kuti munthu aziyezedwa chiwindi ndi mafuta a m'magazi, ndipo kwa ena a keratin 9 amachititsa khungu kupyapyala mpaka kuponda pansi kumapweteka. Koma chomwe ndikufuna chikulowe m'khutu ndi ichi: amapundula mwana m'mimba. Mkazi amene wamwa acitretin sayenera kutenga pakati mpaka patatha zaka 3 atasiya. Ndimakudziwani ana inu, mumagawana mapiritsi mukangomva kuti amasalalitsa khungu. Awa usalawe ngakhale limodzi.

Ankhoswe ako, m'malo mowerenga ming'alu ya mwana wa eni, akafunse mafunso aphindu. Safunsa anadya phula. Mitundu yambiri ya PPK imathera pakhungu pomwepo, koma ingapo yosowa imayenda ndi zina. Pa chilumba cha Naxos ku Greece madokotala anafotokoza mu 1986 za mabanja omwe zikhatho zokhuthala zimabwera limodzi ndi tsitsi lopotana kwambiri ndi nthenda ya mtima yogwetsa achinyamata mwadzidzidzi, chifukwa puloteni yomata maselo a khungu ndi yomweyo yomata maselo a mtima. Kwa Agiriki tsitsilo ndi chenjezo looneka patali. Kwa ife tonse tsitsi ndi lopotana, ndiye funso likhale lakuti: kubanjako alipo amene ankakomoka akamathamanga, kapena anamwalira mwadzidzidzi ali wamng'ono? Mtundu wa Papillon-Lefèvre, womwe unalembedwa mu 1924, umaoletsa usinini, mano oyamba n'kutha mwana asanayambe sukulu, achiwiriwo n'kuguluka asanafike zaka 20. Ku Liverpool mu 1958 anapeza mabanja awiri omwe mapazi okhuthala ankayenda ndi khansa ya kummero, ngakhale kwa iwowo khungu limayamba kusintha mwana atakulako, osati ali wakhanda. Khansa imeneyi kuno kwathu ndi yofala kale pazifukwa zina, ndiye mukamva za wachibale mmodzi musakomoke, mungomuuza dokotala. Mtundu winanso umabwera ndi kusamva ndi timizere tomanga zala mpaka kuduka. Ndatchula zimenezi kuti dokotala akafunsa mukhale ndi mayankho, osati kuti usagone. Agogo olima dimba okha aja, ngati mano ali m'kamwa ndipo miseche ya patali amaimva, ndi mboni yabwino kuposa ine.

Za ana. Ngati ndi mtundu woyenda kuchoka kwa kholo limodzi, monga zikuonekeramu, mwana aliyense ali pakatikati: 50 peresenti kutengera, 50 peresenti ayi, wamwamuna ndi wamkazi chimodzimodzi. Mimba iliyonse imayambira payokha, woyamba akatengera sindiye kuti wachiwiri wapulumuka. Amalume anganene kuti ana ndi a mbumba yawo, koma DNA sidziwa za chikamwini, imatenga theka kwa bambo theka kwa mayi. Mwana amene sanatengere sadzapatsiranso ana ake. Mitundu ina, monga wa ku Mljet uja, imafuna kuti makolo onse awiri akhale ndi cholakwikacho mobisika, n'chifukwa chake imaonekera kwambiri pomwe anthu amakwatirana pachisuweni kapena pachilumba chosafika alendo. Ngati amalume akukusungira msuweni wa manja osalala, zimenezi uwauzeko. Mwana akadzabadwa nazo, Vaseline kuyambira ali wamng'ono, koma salicylic acid ndi urea wamphamvu usamupake popanda dokotala, chifukwa khungu la khanda limamwa mankhwala mpaka kulowa m'magazi. Adzafuna nsapato zotakasuka, ndi mayi wosachita manyazi aphunzitsi akafunsa.

Kukwatiwa naye kapena ayi, zimenezo n'zako. Ine ndaona amuna a manja ofewa amene sanagwirepo khasu kapena thewera, ndaonanso akazi awo akulira pakhonde pano. Mnyamata wosamwa, waulemu, amene ndi zala zomwezo amamasula tizitsulo ta m'foni tomwe ine sindingatione ngakhale nditavala magalasi, ineyo ndikanafufuza kaye ngati amabweza ngongole.

Azakhali ako

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 52. Kuyambira chaka chatha kunsi kwa mapazi anga kwayamba kukhuthala ndi kung'ambika, tsopano zayambanso m'manja. Kwathu kulibe aliyense wotere. Bambo a kunyumba akuti ndasiya kudzisamalira. Kodi ndi chibadwa chomwe chinachedwa?

Mayi wa ku Chilomoni

Achemwali,

Bambo a kunyumbawo muwauze ayambe aonetsa zidendene zawo.

Zanuzi n'zosiyana ndi za mkamwini wa ku Dedza uja. Chibadwa kawirikawiri sichidikira zaka 52, ndiye zikayambira kuukulu timafunafuna chomwe chazidzutsa. Pa msinkhu wanuwu amayi ena akasiya msambo khungu la kuzidendene limakhuthala, kenako m'manja, makamaka onenepa ndi a BP. Mahomoni akatsika, ceramide wa pakhungu amatsikanso. Koma psoriasis imachita zomwezo, sopo waufa wochapira amachita zomwezo, mafangasi, chithokomiro chofooka, HIV, ngakhale chindoko, chomwe chimakonda kutulutsa madontho osayabwa m'zikhatho ndi kunsi kwa mapazi. Ndiye musangopaka Vaseline n'kukhala pansi. Pitani akakuyezeni magazi, ndipo mukapemphe akuyezeninso shuga, chifukwa mng'alu pa phazi la munthu wa shuga umasanduka bala losapola. Lezala musagwire. Popita muwatenge bambowo, poti ndiwo ali ndi maso akuthwa. Chindoko ndi HIV sayezetsa munthu mmodzi m'banja, akapinde nawo mkono wa shati pabenchi pomwepo.

Azakhali anu